Manja a Usta Hefni

M'dera lonse la Bulaq munalibe wodziwa kusita malaya kuposa Usta Hefni, komanso munalibe wovuta kucheza naye kuposa iyeyo. Usta ndi mmene amatchulira mmisiri kumeneko. Kashopu kake kanali pakona, moyang'anizana ndi tiyirumu ya Sobhi. Munali tebulo lalitali, simbi ziwiri zachikale zotenthetsa pamoto, ndi chingwe chopachikapo zovala, basi. Asanaike simbi pamalaya ankavuwata madzi n'kuwapemerera pansalu, kenako n'kusalaza nsaluyo ndi chikhatho kawiri, kuchokera pakati kupita kumbali. Malaya ankachoka patebulo lake ali see. Koma ukamupatsa moni, ankayamba wakuyang'ana kaye ngati wabwera kudzamubera simbi.

Obwera kumene mumsewumo ankati mkuluyu anauma mtima chifukwa chokhalitsa pafupi ndi moto. Ankangolankhula zosadziwa. Chimene chinamuwawitsa moyo chinali masekondi makumi anayi a m'filimu ina, ndipo anakhala akuwadandaula zaka makumi awiri ndi zisanu.

Ali mnyamata, Hefni sankadziwa n'komwe kuti simbi imagwiridwa pati. Ntchito yake inali ya makhadi atatu. Kukakhala chikondwerero cha shehe ku Tanta kapena ku Desuki, iye ankafika ndi katoni, n'kuivundikira pakati pa chinamtindi cha anthu. Makhadi awiri akuda, limodzi la dona wofiira. Ankakuonetsa donayo bwinobwino, n'kuponya makhadiwo chafufumimba pakatoni, kuwasintha malo kawiri katatu, uku akuimba kuti, "Dona ali pati? Dona ali pati?" Iwe unkachita kulumbira kuti wamuona akugwera pakati. Ukavundukula, unkapeza chikhadi chakuda. Alimi obwera ndi ndalama za thonje ankabwerera kumudzi wapansi.

Amene anamuchotsa m'zimenezi ndi Tafida, mwana wa mwini kashopu ka simbi kaja. Anali mkazi wamfupi, wosalankhulalankhula. Hefni atamufunsira, iye anangoti, "Ine buledi wa misozi ya anthu sindidya." Hefni anaika dzanja pa Korani, apongozi ake ali pomwepo, n'kulumbira kuti sadzaponyanso makhadi pamaso pa munthu, kaya mwa njuga kaya mwa masewera. Anaphunzira simbi kwa apongozi akewo. Lumbirolo analisunga mouma khosi, monga ankachitira china chilichonse.

Patapita zaka zisanu ndi ziwiri kunabwera bambo wina wokonza mafilimu, Adli Nassar, nkhalamba yowonda ya magalasi okhuthala. Ankakonza filimu yotchedwa "Anagulitsa Mlatho", ya atambwali atatu amene amagulitsa mlatho wa boma kwa munthu wolemera woumira. Koyambirira kwenikweni, mtsogoleri wa atambwaliwo ankayenera kuponya makhadi atatu. Vuto linali lakuti Raafat Sirag, katswiri wosewera gawolo, anali ndi nkhope yokomola atsikana koma manja ngati mabanzi. Adli anafunsafunsa mpaka kwa apolisi opuma pantchito, ndipo onse anamulozera ku Bulaq.

Hefni anakana. Adli sanalimbane naye. Anakwera masitepe kukaonana ndi Tafida, anadya ndiwo zake zamasamba za molokhia mbale ziwiri, n'kumufotokozera kuti kamera si munthu, ndipo palibe amene adzabwerere kwawo wapansi. Tafida anaganiza kanthawi.

"Ku filimu kokha," anatero. "Pamsewu ayi."

Anamumeta ubweya wa kumanja, anamuwenga zikhadabo, anamuveka mphete ya Raafat ndi jekete la Raafat. Kamera inayang'ana pansi, pamanja ndi pakatoni pokha.

"Pano filimu sindiidula," anatero Adli. "Sizasi ikalowa ndiye kuti tawabera anthu. Ndikufuna uwapusitse akuyang'ana."

Hefni anasalaza pakatonipo ndi chikhatho, anaonetsa dona, n'kuponya. Masekondi makumi anayi, osadula, osabwereza. Atamaliza, wojambula mwini wakeyo, amene diso lake linali pagalasi la kamera nthawi yonseyi, analoza khadi lapakati. Dona anali kumanzere.

Filimuyo inalowa anthu m'magazi, moti mpaka lero Idi sidutsa osaionetsa pa wailesi ya kanema. Aliyense amadziwa kuti dona ali kumanzere. Koma masekondi amenewo akafika, maso amapitabe pakati okha, ngakhale uwakanize chotani. Kumapeto kwa filimuyo kumadutsa mayina oposa zana. Wophika tiyi alipo, woyendetsa galimoto alipo, ngakhale mwini bulu amene amaoneka kamodzi kokha alipo. La Hefni palibe. Eni filimu anati anthu asadziwe kuti manjawo si a Raafat, ndipo Adli, ngakhale anali munthu wabwino, sanalimbe nawo mtima. Raafat anakhala pampando wawofuwofu pa wailesi ya kanema, mabanzi ake ali pamiyendo, n'kuuza dziko lonse kuti anaphunzira makhadi miyezi isanu ndi umodzi mpaka zala kutupa. Tsiku limenelo Hefni anaswa tambula ya Sobhi pakhoma.

"Manja amenewo ndi anga," anauza tiyirumu yonse.

Anthu anayang'ana manja ake, ofiira, a zipsera za simbi, ubweya utameranso. Anayang'ana a pakanema, oyera, a mphete ya golide. Woyamba kuseka anali Bayumi wometa, mnzake wa paubwana, amene shopu yake inagundana ndi ya Hefni.

"Ndi akodi, m'bale wanga," anatero Bayumi. "Pajatu miyendo ya mayi wovina m'filimumo uja ndi yanga."

"Ndiwe chitsiru."

"Chitsiru chomwecho. Sobhi, bweretsa makhadi. Tionetse, Usta. Kamodzi kokha, ndidzakumeta ulere mpaka tsiku lokusambitsa utafa."

Sobhi anaika makhadi patebulo. Hefni anawayang'ana, zala zikumuyabwa mpaka m'zigongono. Kenako anapisa manja m'matumba a mkanjo wake n'kutuluka, chikhakhali chikumuperekeza mpaka pakona.

Kuyambira pamenepo zinkachitika Idi iliyonse. Filimu ikayamba, Bayumi ankagogoda pakhoma n'kukuwa kuti, "Manja a Golide, bwera udzadzione." Dzinalo linamukanirira. Ndipo Idi iliyonse Hefni ankakwera masitepe akuwira.

"Ndiloleze kamodzi, Tafida. Popanda ndalama. Ndingomutseka pakamwa wometa uja."

"Ine ndikudziwa kuti ndi ako. Mulungu akudziwa. Ukufunanso ndani?"

"Bayumi."

"Ndiye ukanakwatira Bayumiyo."

Tafida anamwalira zaka zitatu zapitazo, mwakachetechete monga ankachitira zonse. Adli anali atatsogola kalekale. Mboni zonse ziwiri zinali m'manda, ndipo Hefni anatsala ndi lumbiro lokha, opanda munthu woti n'kulimasula. Anthu ankaganiza kuti tsopano awaonetsa. Iye anati kulumbira kwa wamoyo n'kosavuta kuswa kusiyana ndi kwa womwalira, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Kenako a mafilimu anachita zimene amachita nzeru zikawathera. Anakumbukira kuti kale anaphikapo tiyi wokoma, n'kuthira madzi ena pamasamba omwe aja. Zikwangwani zinadzaza m'misewu: "Anagulitsanso Mlatho". Anawapempha ndani? Filimu yoyamba inathera pabwino. Mlatho unagulitsidwa, woumira analira, mmodzi wa atambwali anafera panjira, ndipo panalibe chotsala choti munthu n'kufunsa. Koma dzina lakale limakoka anthu lokha, ndipo kuganiza nkhani yatsopano kumapweteketsa mutu.

Wokonza filimu yatsopanoyo anali Tamer, bambo wa zaka makumi atatu ndi zisanu amene m'mbuyomo ankajambula zotsatsa malonda a sopo. Anaima pakhomo la kashopu osavula magalasi a dzuwa.

"Amalume Hefni, dzina lanu ndalipeza m'mabuku a malemu Adli. Inuyo ndi chuma cha dziko lino."

"Chuma cha dziko chikusita buluku. Mukufuna chiyani?"

"Manja anu, amalume. Tikufuna kubwereza za makhadi zija. Tchulani chimene mukufuna."

Hefni anaika simbi pamoto. Mtima unkagunda ngati wa mwana, ndipo zinamukwiyitsa kuti ukugunda.

"Dzina," anatero. "Dzina langa lonse, Hefni Gaballah. Pachinsalu, m'zilembo zoti wometa wina wake awerenge opanda magalasi."

Tamer anamwetulira poona kuti nkhalambayi ndi yosavuta kuisangalatsa. Analemba papepala, onse awiri anasaina.

Lachisanu Hefni anapita kumanda kwa Tafida monga ankachitira sabata iliyonse. Anathirira kamtengo kamene anabzala pamenepo, n'kukhala pamwala.

"Unati ku filimu kokha," anatero. "Iyi ndi filimu. Usandiyang'ane choncho."

Mwezi wathunthu ankatseka kashopu masana, n'kumaponya makhadi pamaso pa kalilole. Zala zinakumbukira zonse. Makhadi awiri m'dzanja lamanja, dona pansi, lakuda pamwamba. Munthu amaona dona, amaona dzanja likuponya, koma lochoka ndi lapamwamba. Chinsinsi chonse ndi chimenechi, ndipo n'chaching'ono moti ukachimva umachita manyazi kuti unapusitsidwa. Kalilole ankamuuza kuti zonse zili monga kale. Koma kalilole anali atakalamba naye limodzi, ndipo analibe chifukwa chomutsutsira.

Tsiku lojambula anamutengera ku chinyumba chachikulu kunja kwa mzinda. Kunalibe katoni. Kunali tebulo lagalasi, magetsi pansi pake, ndi chinsalu chobiriwira kumbuyo. Raafat analipo, atanenepa, tsitsi atalipaka utoto wakuda bii. Anamuyang'ana Hefni kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anavula jekete n'kumupatsa.

"Lakwinyika kumsana, bambo. Mulisite msanga."

Hefni analandira jeketelo, analiyala pampando, n'kulikhalira.

Atamuitana, anasalaza pagalasipo, anaonetsa dona, n'kuponya. Tamer ankaonera pa kachinsalu kake, foni ili kukhutu.

"Zabwino, amalume. Mofulumirako pang'ono."

Anaponyanso.

"Mofulumirako."

"Makhadi sathamangitsidwa ngati mbuzi," anatero Hefni. "Diso la munthu umalitenga pang'onopang'ono, n'kukalisiya pamene ukufuna."

"Zoonadi, zoonadi. Basi, tapeza. Zotsalazo tikonza pakompyuta."

"Mukonza chiyani? Chathyoka n'chiyani?"

Zonse zinatenga mphindi khumi, ndipo anamubweza kwawo ndi kabokosi ka chakudya chozizira. M'galimoto ankatukwana chamumtima ana a masiku ano, osadziwa kusiyanitsa luso ndi liwiro. Kuti mwina Tamer anaona chinachake chenicheni pa kachinsalu kaja, zimenezo sizinamufike m'mutu.

Filimu inatuluka pa Idi. Anamutumizira matikiti khumi ndi awiri, ndipo tsiku lachiwiri la chikondwerero tiyirumu yonse inanyamuka kupita ku chionetsero cha masana. Hefni anali atasita yekha malaya a aliyense. Anakhala pakati pa mzere, Sobhi kumanzere, Bayumi kumanja akutafuna nthanga.

Mulungu atikhululukire, koma chinthu chimenecho sichinali filimu. Tambwali amene anafa m'filimu yoyamba anatulukiranso, ati ndi mbale wake wobadwa naye mapasa amene palibe anamutchulapo zaka makumi awiri ndi zisanu. Mlatho unali wa kudziko lina, wa magetsi amitundumitundu, ndipo pamwamba pake pankauluka ndege popanda chifukwa. Raafat akamathamanga ankamuonetsa kumsana kokha, ndipo kumsanako ankaonda mwadzidzidzi. Pakapita mphindi khumi zilizonse wina ankatsegula botolo la chakumwa chomwechomwecho n'kulitembenuzira kwa ife. Nthabwala zonse za m'filimu yoyamba anazifukula, ndipo akanena imodzi ankaima kaye kudikira kuti tiseke, ngati mlendo amene wabwera ndi mphatso yomwe anabwera nayo chaka chatha.

Zonsezo Hefni akanazipirira. Chimene chinkamudya chinali chakuti m'filimu yonse ya atambwali munalibe utambwali. Iye ankadziwa ntchito imeneyi. Tambwali sataya nthawi ndi chitsiru. Amasankha munthu wochenjera, wadyera, n'kumulola kuganiza kuti wakuba ndi iyeyo. Woumira wa m'filimu yoyamba anagula mlatho chifukwa ankaganiza kuti akubera amphawi atatu osadziwa mtengo wa chinthu chawo, ndipo n'chifukwa chake anthu ankaseka mpaka misozi. Wolemera wa m'filimu yachiwiri anali mbuli yoti ngakhale mphaka akanailanda chuma. Ndipo pomubera, mtsikana wina anangodina pakompyuta, manambala n'kuthamanga pachinsalu, basi zatheka.

"Amuchita chiyani?" Hefni anafunsa mokweza. "Wina andiuze. Amupusitsa pati?"

"Khala chete, Usta," anatero Sobhi. "Zako zikubwera."

Zinabweradi. Pachinsalu panaoneka manja osalala, a zala zazitali, manja amene sanagwirepo simbi kapena khadi, oyenera kutsatsa mafuta odzola. Makhadi anachoka m'manjamo n'kuuluka m'mwamba, anazungulira, anayaka moto, anasanduka zana, anabwereranso atatu. Dona anatsinzinira anthu diso. Hefni anawerenga malo amene sizasi inadutsa, anapeza khumi ndi limodzi. M'holomo anthu anaomba m'manja.

Kenako mayina anayamba kukwera. Tamer anasunga mawu ake, nkhanza yake inali imeneyo. Pakati pa chinsalu, palokha, m'zilembo zazikulu ngati zitseko, panalembedwa kuti: "Manja oponya makhadi: Usta Hefni Gaballah." Mzere wonse unaimirira. Mayi wina wosamudziwa n'komwe analuluta. Sobhi anamugwira mutu n'kumupsompsona pachipumi. Bayumi yekha anakhalabe pansi, nthanga zili m'manja.

Pofika ku tiyirumu dzuwa linali lisanapendeke kwenikweni, ndipo mbiri inali itafika kale. Anthu anamukhazika pampando wabwino, anamuikira tiyi ndi makeke a Idi, ena anabwera ndi mafoni kudzajambulitsa naye.

"Utikhululukire, Usta," anatero Sobhi. "Tinakulakwira zaka zambiri. Mmene makhadi anaulukira muja, ine tsitsi linachita kuima."

"Amenewo si manja anga."

Panabuka chiphokoso cha kuseka.

"Munthu uyu Mulungu anamuumba Lachiwiri masana, atatopa," anatero mmodzi wa osewera domino. "Zaka makumi awiri ndi zisanu, ndi anga, ndi anga. Lero alemba dzina lako, ukuti si anga."

"Anga ndi a m'filimu yoyamba."

"Aja ndi a Raafat, aliyense akudziwa, anaphunzira miyezi isanu ndi umodzi. Usakhale wadyera, Usta. Ako ndi awa a moto, ndipo ndi apamwamba kuposa aja. Aja ankangosuntha timakhadi pakatoni."

Apa ndi pamene Hefni anaona chimene anachita. Zaka zonsezi anali ndi ntchito yopanda dzina, ndipo ankaiona ngati tsoka. Tsopano dzina lake analipachika yekha, ndi siginecha yake, pa zinyalala. Adzafa, ndipo zidzukulu za anthu awa zikadzafuna kudziwa Hefni Gaballah, zidzaona dona akutsinzina diso. Mkwiyo unamukwera mpaka makutu kulira.

Anadzuka, analowa kuseri kwa kauntala, anakhuthulira pansi mabisiketi a Sobhi n'kutuluka ndi katoni. Anaivundikira pamsewu, pakhomo penipeni pa tiyirumu. Anatenga makhadi a patebulo la pakona, anasankha atatu. Ankadziwa bwino kuti apa si ku filimu, ndipo awa ndi anthu.

"Tafida, tembenukira uko," ananena chapansipansi. Kenako anakweza mawu. "Bayumi. Bwera."

Bayumi, amene anali asanalankhule chichokereni ku kanema, anabwera pang'onopang'ono.

"Zisiye, Hefni. Dzina lako taliona."

"Unapempha zaka makumi awiri ndi zisanu. Khala apo. Ndipo ukaloza polakwika dala pondimvera chisoni, ndikuswa mutu ndi simbi."

Anthu anazungulira. Hefni anagwada, mawondo akulira. Anasalaza pakatoni, anaonetsa dona kwa onse, n'kuponya. Nyimbo ija inatuluka yokha, yosasa ngati chitseko chakale. "Dona ali pati? Dona ali pati?"

Bayumi anayang'ana makhadiwo nthawi yaitali, anayang'ana mnzakeyo, n'kuika chala pakhadi la kumanzere. Hefni anavundukula. Anali dona.

"Wangogwera mwayi," anatero Hefni. "Tibwereze."

Anaponyanso. Bayumi analoza kumanja. Dona.

Kachitatu Hefni anaikapo mphamvu zonse zimene anali nazo, ndipo n'zimene zinaononga. Chala chapakati chinachedwa kumasula, khadi lapamwamba linachita kukwawa pochoka m'dzanja, ndipo aliyense analiona. Bayumi sanaloze n'komwe.

"Ooh," anatero wa domino uja. "Kani amaponya lapamwamba. Basi? N'zomwezo?"

N'zomwezo. Chinsinsi chimene chinayendetsa alimi wapansi kuchokera ku Tanta, chimene chinapusitsa diso la kamera, chinagona pamsewu ngati khobidi lotayika, ndipo palibe anaona chifukwa chochitolera. Anthu sanaseke, ndipo zimenezo zinapweteka kuposa kuseka. Anamusisita paphewa. Wina anati ku kanema kumakhala magetsi abwino, n'chifukwa chake kumeneko zimaoneka bwino. Wina anati munthu sangaulutse makhadi kawiri tsiku limodzi. Mmodzimmodzi anabwerera ku matambula awo.

Hefni anatsala chogwada. Mawu a Tamer aja, mofulumirako, mofulumirako, tsopano anawamva tanthauzo lake. Wa sopo uja sananame. Anadana naye kwambiri chifukwa chosanamako, anadana ndi kalilole, anadana ndi Raafat, ndi Adli m'manda mwake, ndipo kuposa onsewo anadana ndi manja ake, amene anadikira zaka makumi awiri ndi zisanu ali chete, n'kuchoka osatsanzika.

"Tasalazanso pakatonipo," anatero Bayumi. Anali asanachoke.

"Choka."

"Ndati salaza."

Dzanja linachita lokha, mwa chizolowezi. Kawiri, kuchokera pakati kupita kumbali. Bayumi anakhala pansi pamsewu pomwepo, ndi buluku lake la Idi.

"Umatero pa malaya alionse," anatero. "Ndimakuona pazenera tsiku lililonse. Ndipo manja a m'filimu muja amatero asanaponye. Kawiri. Ndinayenera kuziona pakatoni kuti ndiziphatikize."

"Zaka makumi awiri ndi zisanu," anatero Hefni mwaukali. "Khoma limodzi. Maso unali nawo?"

"Ndinkayang'ana dona. Si mmene unkafunira?"

Hefni anali atalota tsiku limeneli kambirimbiri, ndipo m'maloto onsewo Bayumi ankavundukula khadi lakuda pamaso pa msewu wonse, n'kugwira pakamwa. Sanalotepo kuti wometayu adzamukhulupirira atamugonjetsa katatu, onse awiri ali pafumbi ngati opemphetsa.

M'tiyirumu munamveka nyimbo imene aliyense amaidziwa. Poti inali Idi, wailesi ya kanema inali itayamba kuonetsa filimu yoyamba. Bayumi anadzuka, anamukoka mnzakeyo pamkono mpaka pakhomo, n'kuima kutsogolo kwa anthu.

"Tamverani nonse. Manja akubwerawo ndi a Hefni. A lero aja si ake. Ake ndi awa."

"Wometa wayambanso," anatero Sobhi, ndipo anthu anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala ya chaka chilichonse ija. "Musiye apume lero, Bayumi. Nayenso ali ndi filimu yake tsopano."

"Ndikunena zoona."

"Eya, ndipo miyendo ya wovina ndi yako."

Bayumi anatembenukira kwa Hefni ndi nkhope ya munthu amene walawa koyamba chakudya chimene wakhala akuphikira mnzake.

Pakanema, manja a mphete ya golide anasalaza katoni kawiri. Anaonetsa dona. Anaponya. Bayumi anayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. Ankadziwa tsopano kuti lochoka ndi lapamwamba, anali atangoliona ndi maso ake likukwawa. Ankadziwa, monga dziko lonse, kuti dona ali kumanzere. Masekondi makumi anayi anatha, manja anaima, ndipo chala cha Bayumi chinali chitakwera chokha n'kukhala pakhadi lapakati. Anachiyang'ana ngati cha munthu wina.

"Mfiti iwe," ananena motsitsa.

Koma Hefni anali atawoloka kale msewu. Anatsegula kashopu, anayatsa moto, anaikapo simbi, ngakhale panalibe choti asite mpaka Idi itatha. Anakhala pampando, manja ali pamaondo, akuyang'ana motowo. Mawa lake linali Lachisanu, ndipo sankadziwa kuti akamuuza chiyani Tafida.